Mlatho Wosowa Thabwa Limodzi

Ku Balaka kunali mayi wina wolemba mapulogalamu a kompyuta. Chipatala china chakumudzi chinamupempha kuti apange pulogalamu yoliza belu firiji ya katemera ikayamba kutentha.

Zida zomangira pulogalamuyo zinali za makompyuta a mtundu wina, osati ngati yake. Choncho anaika kapulogalamu kapakati, kokhala ngati mlatho, kuti kompyuta yake izidzionetsa ngati ya mtundu winawo. Zonse zinayenda bwino. Koma atafika poyesa chingwe choyeza kutentha, panatuluka uthenga: "Mbali iyi sinakonzedwe pano." Mlathowo unkasowa thabwa limodzi, ndipo linali lomwelo lofunikalo.

Akanatha kupita kuchipatala kukayesa pa makina enieni. Koma ulendo wake unali wa tsiku lathunthu, dzuwa la Okutobala lili ng'aa. Mayi uja anangotseka uthengawo, natumiza pulogalamu ija osaiyesa.

Namwino wa kumeneko anamuimbira foni. "Mwatithandiza mayi. Tsopano tasiya zomatsegulatsegula firiji."

Mawu amenewa anamulasa mtima. Anthu aja asiya kuyang'anira katemera chifukwa chokhulupirira belu limene iye sanalimvepo likulira! Chakudya chinaleka kukoma. Foni ikangolira, mtima phaa. M'maganizo ankangoona amayi ali pamzere ndi makanda kumsana, akulandira katemera woonongeka, wina aliyense osadziwa. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Tsiku lachitatu analephera kupirira, nakwera minibasi. Atafika anazula chingwe chija m'firiji n'kuchifumbata m'dzanja kuti chitenthe. Anadikira. Namwino naye anadikira. Belu lili zii.

"Ndikhululukireni, sisitala. Sindinaliyese," anatero mayi uja. "Kodi magetsi anazimapo masiku atatuwa?"

Namwino anayang'ana firiji, nayang'ana mayi uja. "Dzulo, masana onse."

Abale anga, ambiri a ife timafika kwa Mulungu podzera pa mlatho wobwereka. Timapemphera ndi mawu a abusa, timaimba ndi chikhulupiriro cha makolo, ndipo Lamulungu zonse zimaoneka kuti zikuyenda. Mzimu Woyera akatilozera pamalo amodzi pamene sipanakonzedwe, kaya ndi kukhululuka, kaya ndi kunena zoona, timatseka uthengawo chifukwa tatopa. Komatu kunyumba kwanu kuli ana amene asiya kudera nkhawa chifukwa akudalira inu. Pitani nokha kwa Ambuye lero, mukawaonetse pamene mwakhala mukupalumpha, magetsi asanazime.