Chitseko cha Mbawa cha a Sikweya

M'shedi ya a Sikweya munalibe chinthu chopendekeka. Macheka ankapachikidwa motsatana ndi kutalika kwake, misomali inali ndi zitini zake, ndipo ngakhale tsache linali ndi malo ake pakhoma. Dzinali anawapatsa ndi akalipentala anzawo, chifukwa sikweya, kachitsulo koyezera ngodya kaja, sinkachoka m'thumba la ovololo yawo. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Vuto linali lakuti kudziwa matabwa kunawachititsa kuganiza kuti amadziwanso china chilichonse pansi pa thambo. Munthu akati awalangize, asanafike n'komwe pakati pa mawu ake, iwo anali atayankha kale kuti, “Ndikudziwa.” Akazi awo ankati bambowa akapita kuchipatala amamuuza okha dokotala matenda ndi mankhwala omwe.

Pamitanda ya denga la shediyo panakhala matabwa asanu ndi limodzi a mbawa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anawagula sabata imene mwana wawo wamkazi anabadwa, mwana mmodzi yekhayo amene anali naye, ndipo ananena tsiku lomwelo kuti matabwawo ndi a chitseko cha nyumba yake. Ofuna kugula ankabwera n'kubwerera chimanjamanja. Mwanayo anakula, anaphunzira unamwino, anakwatiwa, ndipo iye ndi mwamuna wake anamanga nyumba m'tauni ina yakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa galimoto. Khomo lakumaso analisiya lalikulu monga mwa muyeso umene bambo ake anatumiza, n'kulitchinga ndi lata podikira. Mwamuna wake atanena zogula chitseko chakusitolo, iye anakana kwamtuwagalu.

A Sikweya anatha miyezi itatu akusema chitsekocho. M'mbali monse anazokotamo masamba a mpesa, ndipo atachipaka polishi munthu ankadziona nkhope. Popeza mkamwini wawo anapemphanso makabati a kukhitchini, iwo anaganiza zonyamula makina awo opalira matabwa kuti akagwirire ntchitoyo komweko. Makinawo anali chitsulo chokhachokha, ofuna amuna asanu kuti awasunthe. Pikapu yawo sikanatha kunyamula zonsezi, choncho anabwereka ngolo kwa alamu awo, achimwene a akazi awo, amene anayendetsa malole zaka makumi atatu asanapume. Inali ngolo yachitsulo yotsekeka mbali zonse ngati kanyumba, ya matayala anayi, yokhala ndi khomo kumbuyo ndi mkono kutsogolo wokolera pa galimoto.

Alamuwo anabwera nayo masana, ulendo uli mawa lake, ndipo anatsogolera okha ntchito yopakira. Makina anawaimika kutsogolo pang'ono kwa matayala, pamene panali ngowe zachitsulo pansi, n'kuwamanga ndi malamba anayi mpaka malambawo ankalira akawakhudza. Chitseko anachikulunga m'mabulangete n'kuchimangirira kukhoma lam'mbali. Atakola ngolo, anapingasa matcheni awiri pansi pa mkono, analumikiza waya wa magetsi ndi mabuleki, kenaka anazungulira akuyeza mpweya tayala ndi tayala. Pikapu inali itatsika pang'ono kumbuyo, ndipo ataona kuti a Sikweya akuyang'ana pamenepo ndi diso loipa, anawafotokozera.

“Zili bwino choncho, alamu. Katundu wolemera amakhala kutsogolo kwa matayala, kuti ngolo itsamire pa galimoto. Ikapepuka kumutu imayamba kugwedeza mchira, ndipo ikayamba siimva za munthu.”

Anapitiriza kuti akayenda ola limodzi aime n'kuonanso malamba, kuti pamtsetse azitsika ndi giya yaing'ono, ndiponso kuti ngolo ikayamba kugwedera asaponde mabuleki koma achotse phazi pa mafuta, agwire chiwongolero chilili. Anawerama kuti awaonetse kachitsulo kena pansi pa chiwongolero, kamene anali atangokamangirira, koma a Sikweya anali atatopa kale ndi sukuluyo.

“Ndikudziwa, alamu. Galimoto ndinayamba kuyendetsa mlongo wanuyu ndisanamufunsire.”

Alamuwo anangoseka, n'kupukuta manja ndi kansanza. Anali atakhala nawo pachilamu nthawi yaitali ndipo ankadziwa pamene mawu amathera.

M'mawa kutacha a Sikweya anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja n'kuima patali kuyang'ana pikapu yawo. Mtima unawawawa. Galimotoyo ankaisamala ngati mwana, ndiye lero inali itanyonyomala kumbuyo, mphuno ili m'mwamba. Kwa munthu amene moyo wake wonse anakhala akuwongola zopendekeka, zimenezi zinali zosapiririka. Analowa m'shedi n'kutenga levulo, kathabwa kokhala ndi kathovu m'galasi kamene amayezera ngati tebulo lakhala molingana, n'kuiika pabodi ya pikapu. Kathovu kanathawira kumbali. Anapukusa mutu. Dalaivala angadziwe msewu, anaganiza motero, koma za kulinganiza zinthu ndi za kalipentala.

Anamasula malamba anayi aja, anatenga mapaipi awiri ndi chitsulo chotukulira, n'kuyamba kukankhira makina kumbuyo pang'onopang'ono. Akakankha ankatsika kukaona levulo, n'kukweranso. Kathovu kanafika pakati makina atadutsa matayala onse n'kuyandikira kukhomo la ngolo. Kumeneko kunalibe ngowe zomangirira malamba, koma zimenezo sizinawadetse nkhawa. Anadula zidutswa za matabwa n'kuzikhomerera pansi mozungulira miyendo ya makina ndi misomali ikuluikulu. Chitseko anachisamutsira kutsogolo, n'kuchiimika chopingasa kukhoma lakumutu, kumene ankati n'kotetezeka kuposa kwina konse. Pomaliza anamasula mkono wa ngolo kuti aone ntchito yawo, ndipo unanyamuka ndi dzanja limodzi ngati mpini wa khasu. Kenaka anaukoleranso ku pikapu.

Akazi awo anawapeza akumwetulira okha, thukuta lili kamukamu. Ataona malamba ali mulu pakona anafunsa ngati sikukanakhala bwino kuwaimbira achimwene awo kaye. A Sikweya anayankha kuti tebulo likapendekeka saitana dalaivala, ndipo anawauza kuti akwere, dzuwa likupita.

Maola oyamba ulendo unayenda bwino, chifukwa msewu unali wodzaza ndipo palibe amene ankathamanga. A Sikweya ankaimba kamluzu. Ola limodzi litakwana akazi awo anawakumbutsa zoima, koma iwo anati msomali umene akhoma okha sufuna kuuyendera ngati wodwala. Alamu ataimba foni kufunsa za ulendo, a Sikweya anauza akazi awo kuti ayankhe kuti zonse zili m'chimake. Mayiwo anayankha momwemo, koma mawu awo anali ozizira. Iwo ankamva kachiphokoso kumbuyo nthawi iliyonse galimoto ikadumpha pokumbika, ngati wina akugogoda pachitseko chachitsulo.

Chakumasana anaima pomwetsera mafuta. Pambali pawo panali lole yaikulu, ndipo woyendetsa wake anali mayi wina wojintcha amene ankazungulira akumenya matayala ndi chitsulo. Atamaliza anayang'ana ngolo ya a Sikweya, anafika pafupi n'kuponda mkono wake ndi phazi. Mkonowo unagwedera pachokolera, gwedegwede.

“Pepani bambo, si kuti ndikulowerera za eni,” anatero mayiyo. “Ngolo yanuyi yalemera kumbuyo. Kutsogoloku kuli mtsetse wautali, ndiye ndikanakhala ine ndikanasuntha katundu ndisanafikeko.”

A Sikweya anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kulangizidwa ndi alamu kunali kowawa kale, nanga tsopano mlendo, pamaso pa akazi awo ndi omwetsa mafuta. Anayankha mwaulemu wouma kuti akudziwa, anachita kuyeza ndi levulo. Mayiyo anachotsa phazi pamkono wa ngolo paja. Anayang'ana akazi a a Sikweya n'kuwauza kuti amange lamba, kenaka anakwera lole yake.

Atatuluka m'tauniyo msewu unatseguka, ndipo a Sikweya anaponda mafuta kuti akafike dzuwa lisanalowe. Anakwera chitunda, n'kuyamba kutsika tsidya linalo osasintha giya. Liwiro linkakwera lokha. Ali pakati pa mtsetse, basi yaikulu inawapitirira, ndipo mphepo yake inakankha khoma la ngolo. Pagalasi anaona ngolo ikupita kumanzere, n'kubwerera kumanja, n'kupitanso kumanzere mopitirira poyamba. Kumbuyo kwa pikapu kunayamba kutsatira. Akazi awo anagwira chitseko cha galimoto ndi manja onse awiri.

“Kachitsulo kaja, bambo ake. Achimwene anati kachitsulo kaja.”

A Sikweya anakaona kachitsuloko pafupi ndi bondo lawo, koma sanadziwe kuti amakankha, amakoka kapena amapotokola, chifukwa pamene ankauzidwa anali akudziwa kale. Anachita chimene phazi limachita lokha munthu akachita mantha: anaponda mabuleki mpaka pansi, n'kumalimbana ndi chiwongolero uku ndi uku. Ngolo inakankha pikapu kumbuyo n'kuitembenuza chopingasa. Mkono unazuka pachokolera, matayala a mbali imodzi ananyamuka, ndipo ngolo inagwa chammbali m'ngalande. Matcheni amene alamu anapingasa aja ndi amene anaigwira kuti isagubuduzike kutsikira kuchigwa. Mkati munamveka chiphokoso chimodzi chachikulu, kenaka kunangoti zii.

Pikapu inaima ndi matayala ake onse, itayang'ana kumene inachokera. Akazi awo anali atadziluma mlomo ndipo magazi ankadontha pabulauzi, koma kupatula pamenepo onse anali bwino. A Sikweya anatsika n'kulunjika kungolo. Anthu anaima kudzathandiza, ndipo mmodzi mwa iwo anali mayi wa lole uja, amene anali akutsika pang'onopang'ono m'mbuyo mwawo. Iye anaika zizindikiro pamsewu n'kubweretsa chitsulo chokanulira khomo la ngolo, osatchula n'kamodzi komwe zimene ananena pomwetsera mafuta paja. Kukhala chete kwakeko kunawapweteka a Sikweya kuposa chipongwe.

Khomo litatseguka anaona zidutswa za matabwa zija zili mbwee, misomali itazuka yonse. Makina anali atayenda utali wonse wa ngolo n'kukaima kukhoma lakumutu, pamene panali chitseko. Anakwawira mkati n'kuvundukula bulangete. Mbawa imene inadikira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri inali itathyoka pakati, matabwa anayi ataphwanyika moti ngakhale guluu sakanadziwa poyambira. Anatola kachidutswa kokhala ndi tsamba limodzi la mpesa, anakhala pansi m'ngolo momwemo, ndipo analira monga sanalirepo chimwalirire mayi awo.

Alamu anafika m'mawa mwake ndi galimoto yokokera. Anayamba aona mlomo wa mlongo wawo, kenaka anazungulira ngolo yawo yophwanyikayo, anayang'ana malamba anayi ali mulu pakona, n'kungoti chachikulu ndi moyo. Anapakiranso makina m'ngolo ina yobwereka, patsogolo pa matayala, ndipo ulendo uno a Sikweya ndi amene ankapatsira malamba. Amene anayendetsa pikapu anali alamuwo. Ali m'njira, a Sikweya analoza pansi pa chiwongolero.

“Alamu, kachitsulo aka munati n'kachiyani?”

“N'ka mabuleki a ngolo yokha. Ikayamba kugwedera mumakakankha pang'onopang'ono, ngolo imakokera kumbuyo n'kuwongoka. Koma ikapakiridwa bwino, mwina simungakagwire chaka chonse.”

Anali mawu osatha ngakhale mphindi imodzi kuwamva.

Mwana wawo anawachingamira pamsewu, anakumbatira mayi ake, anakumbatira bambo ake, n'kunena kuti chitseko n'chitseko, bola iwo afika amoyo. A Sikweya anadziwa kuti akunena zoona, komanso anaona mmene maso ake anathamangira kungolo asanawabweze msanga. Nyumba inali yokongola, yopaka laimu, mawindo onse ali m'malo. Kumaso kokha ndi kumene kunali lata lija, litatsamiritsidwa ndi njerwa ziwiri, ndipo mkamwini analisuntha kuti alendo alowe. A Sikweya anaima pakhomopo, anatulutsa sikweya m'thumba mwachizolowezi n'kuigunditsa pangodya. Khomo linali lolunjika bwino, monga mwa muyeso wawo, koma analibe choikapo. Anapatsa mwana wawo kachidutswa ka tsamba la mpesa kaja, iye n'kukalandira ndi manja awiri.

Makabati anawapanga, ndipo anali abwino. Chitseko anakagula kusitolo tsiku lachitatu, cha paini wamba, n'kuchiwonjezera matabwa m'mbali kuti chikwane. Mpaka lero akapita kukacheza amalowa atazolika. Paja akulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.