Nsapato za Mwatitha

Kalekale, basiketibo isanafale m'masukulu ngati lero, pa koleji ina ya aphunzitsi panali timu ya atsikana. Inali timu yosauka. Bwalo lawo linali la simenti yong'aluka, ndipo osewera anali ochuluka kuposa nsapato. Koma ku mpikisano lamulo linali loti wopanda nsapato asaponde m'bwalo. Ndiye kochi wawo, a Likongwe, akafuna kusintha wosewera, wotulukayo ankakhala pansi msangamsanga n'kuvula, wolowayo n'kuvala zikadali zofunda. Matimu ena ankawaseka, ankati ndi timu yobwerekana. Iwo analibe nazo ntchito, chifukwa ankawina.

M'bwalo mumalowa anthu asanu. Anayi anali ndi nsapato zawozawo, koma onse anali a mapazi aang'ono. Wachisanu anali Mwatitha, mtsikana wamtali wa mapazi ngati a mnyamata, amene ankaima pansi pa golo kuwakha mipira yobwerera. Nsapato zake zinkakwana atsikana ena atatu okha, Ndaziona, Tiyese ndi Chitsanzo. Atatuwa ankakhala pa benchi kudikira kuti Mwatitha atope. Vuto lake, Mwatitha sankatopa msanga.

Chaka chimenecho timu inkachita bwino, mpaka Mwatitha anadwala. Anayamba ndi mutu, kenako anamugoneka m'chipatala. Nsapato anazisiya kukoleji kuti anzake azisewerera. Timu itangolowa mu fainolo, Mwatitha anamwalira, ndipo katundu wake yense anapita kumudzi pamodzi ndi thupi.

Mayi ake, a Nangozo, anatumiza uthenga kuti nsapato adzabwera nazo okha pa tsiku la fainolo. Atsikana mitima inakhala pansi, ankaganiza kuti azidzasinthana ngati kale. Tsiku litakwana mayi aja anafikadi m'mawa, nsapato atazikulunga m'chitenje. Anakhala pansi m'mbali mwa bwalo, anamasula mfundo, ndipo anati:

"Aphunzitsi, katundu wa mwana wanga tinagawa kale kumudzi. Izi zokha ndinakaniza. Koma kwathu chovala cha malemu sichizungulira. Chimapita kwa munthu mmodzi, chimakhala chake. Amene avale, avale mpaka mpira uthe, ndipo apite nazo."

A Likongwe anagwada n'kufotokoza kuti masewerowa sayenda choncho, kuti munthu amatopa n'kupatsa mnzake. Mayi aja anamvetsera mpaka pamapeto. Sanatsutse. Anangoyamba kumanganso chitenje chija. A Likongwe anapepesa msanga n'kuvomera. Kobwereka zina kunalibe, poti anyamata a pakolejipo anali atanyamuka kale ndi nsapato zawo kukasewera kuboma lina. Ndiye malo anali amodzi, atsikana atatu, ndipo wolowayo analibe womupumitsa.

Woyamba anali Ndaziona, wa chaka chomaliza. Ndiye amene anamuona Mwatitha pa mzere wolandira chakudya, mutu uli pamwamba pa anthu onse, n'kumukokera kubwalo. Nthawi imeneyo Mwatitha sankadziwa kanthu, ankathamanga mpira uli m'manja ngati waba. Ndaziona ankamudzutsa m'mamawa kukamuphunzitsa kudunditsa mpira ndi kuponya, mpaka wophunzira anaposa mphunzitsi n'kumulanda malo. Nsapato za Ndaziona zitatha, anatsikira pa benchi. Sananyanyale. Ankatungira anzake madzi, ankawasungira zitenje, ndipo akalowa m'bwalo ankalowa kanthawi kochepa mpira ukupita kumapeto. Sanali wothamanga, komanso sanali wolakwitsalakwitsa. Tsiku limenelo anati, "Aphunzitsi, ine sindinakupemphenipo kanthu. Lero ndikupempha. Mawa ndikulongedza, ndipo kusukulu komwe akanditumize mwina kulibe ndi bwalo lomwe."

Wachiwiri anali Tiyese, wa chaka choyamba, wamkamwa koma wodziwa mpira kuposa onse. Pa masewero olowera mu fainolo timu inali kumbuyo. Tiyese anavala nsapato za Mwatitha, anachinya kambirimbiri, ndipo chigoli chopambanira anachiponya ali kutali, woyimbira wezulo ili kale pakamwa. Popanda iyeyo fainolo akanangoimva kwa anzawo. Koma kuchipatala sanapiteko, ankati amaopa fungo la mankhwala. Kumaliro sanapitenso. Tsiku loika maliro, otsala pakoleji anamva mpira ukudunda kubwalo, kupita kukaona, anapeza ndi Tiyese yekhayekha, wopanda nsapato, akuponya ndi kuponya. Ena ankati ndiko kunali kulira kwake. Ena sanamukhululukire. Pa tsiku la fainololi Tiyese anati, "Mundide, palibe kanthu. Koma chimtsikana chachitali cha timu inayo mwachiona? Asisi Ndaziona sangachiletse, eniake akudziwa. Tabwera kudzalira kapena kudzatenga chikho?"

Wachitatu anali Chitsanzo, amene ankagona chipinda chimodzi ndi Mwatitha. Kale Mwatitha akatopa, woyamba kulowa ankakhala iyeyu, ndipo ndiye ankazichapa nsapatozo. Matenda atakula, anamubereka mnzake kumsana kuchoka ku hositelo mpaka kumsewu kokwerera minibasi. Kuchipatala ankagona pansi m'mbali mwa bedi, ankamusambitsa, ankamumwetsa phala. Mayi a Mwatitha atafika, iye sanachoke. Nthawi yonseyo kubwalo sanapondeko, moti atabwerera ankangothamanga pang'ono befu n'kumugwira. Chitsanzo sanapemphe. Anangowerama, mpaka a Likongwe anamufunsa ngati Mwatitha anasiya mawu aliwonse okhudza timu. Panthawi ya mawuwo analipo yekha, ndiye akanatha kunena chilichonse anthu n'kukhulupirira. Koma anati, "Anangoti, 'Musakaluze.' Dzina sanatchule. Ndine amene ndinamuyankha kuti ndikamusewerera. Kaya anamva, sindikudziwa."

Apa atsikana anayi aja anagawanika. Kaputeni anati nkhani yatha, malemu wasankha yekha, poti woletsa kuluza ndi Tiyese. Mnzake anamufunsa ngati waiwala kuti wovalayo apita nazo. Anati nsapato za Mwatitha zikakhale m'chikwama cha munthu amene sanaponyeko ndi dothi lomwe pamanda ake? Iye anafuna Chitsanzo. Wachitatu anati Chitsanzo amamukonda, koma akakomoka mpira uli pakati atsala anayi m'bwalo, ndipo mayiwa aonerera nsapato za mwana wawo zikunyamulidwa kachiwiri. Wachinayi, amene sankayankhulayankhula, anati onse akuiwala poyambira. Pakanapanda Ndaziona, Mwatitha sakanagula nsapatozo, ndipo pakanalibe cholimbirana. Kaputeni anamuyankha kuti chikho sichidziwa amene anayamba. Wina anati nanga chikho chidziwa amene anasambitsa wodwala? Mawu anayamba kukwera, kenako anakumbukira kuti mayi aja ali pomwepo, mkangano n'kulekeka.

Tiyese, ndi mkamwa mwake muja, anayang'ana pansi. Ndaziona anapita kukatenga chidebe cha madzi ngati masiku onse.

A Likongwe anali munthu wozolowera kusankha. Masiku ena onse ankangoloza ndi chala, iwe lowa, iwe tuluka, wina akadandaula ankamuuza kuti mawa ndi tsiku. Lero analibe mawa loti alonjeze munthu. Anabwerera kwa a Nangozo, anagwadanso, ndipo anawapempha kuti poti nsapato n'zawo asankhe okha. Anawafotokozera za atatu onse, osabisa chabwino kapena choipa cha aliyense. Mayi aja anawayang'ana atsikanawo mmodzimmodzi, nthawi yaitali.

"Ine ndinali ndi mwana mmodzi, aphunzitsi," anatero. "Kusankha pakati pa ana sindinaphunzire."

Anatenga nsapato zija n'kuziika m'manja mwa a Likongwe.

Timu inayo inali italowa kale m'bwalo, anthu atadzaza mbali zonse. Woyimbira analiza wezulo kuitana, kenako analizanso. Atsikana anayi analowa n'kuima m'malo awo, pansi pa golo pali pululu. Pa benchi panakhala atatu, mapazi ali pa simenti, ndipo a Likongwe anaima patsogolo pawo nsapato zili m'manja.

Amene anandiuza nthanoyi anathera pomwepa. Ine ndaiganizira kambiri, ndipo ndikati ndapeza yankho, mmodzi mwa awiri otsalawo amandimvetsa chisoni, n'kuyambiranso. Ndiye ndati ndifunse inu. Mukanakhala a Likongwe, wezulo ikulira, mayi wa malemu akukuyang'anani, nsapatozo mukanaziika pa mapazi a ndani? A Ndaziona, amene anaphunzitsa Mwatitha mpira n'kumusiyira malo? A Chitsanzo, amene anataya mphamvu zake posamala mnzake ndipo anakana kunama? Kapena a Tiyese, amene sanapite kumanda, koma yekhayo angathe kukwaniritsa mawu omaliza a malemu?