Nkhasi ndi Madzi Owawa a Chinkhupule

Padangokhala, kutali uko kumene nyanja ndi yamchere, Nkhasi amene sankadziwa kukhazikika. Uku wapita, uku wabwera. Koma chaka china tinkhono tomata tidamukwera pamsana, tija timati tikamata pamalo sitichokanso. Tidayamba tiwiri, kenako chigoba chonse chidachita manthumanthu.

Nkhasi adalemedwa. Nthawi yoikira mazira inali itayandikira, ndipo mchenga womwe ankaikirako unali kutali. Adadzikhula pamwala, tina tidabwera. Adapempha Nkhanu kuti atitsine, tina tidabwera. Adagubuduka m'matope, tidabwerabe.

Tsiku lina akuzungulirazungulira adaona Chinkhupule, amene adamera pathanthwe ndipo chibadwire sadasunthepo. Thanthwe lonse linali tinkhono tokhatokha, koma thupi la Chinkhupule linali see.

"Inu a Chinkhupule, ine woyendayenda tandigwira. Inu ongokhala tikukusiyani bwanji?"

Chinkhupule adamuuza kuti thupi lake limatulutsa madzi owawa, pang'onopang'ono, osalekeza. Ana a tinkhono akamafuna pomata amayamba alawa, ndipo akalawa kuwawako amapitirira. Adati Nkhanu ayambe wachotsa takaleto, kenako Nkhasi azibwera m'mawa uliwonse kudzakhudzitsa msana wake pa iye.

"Kukhudza kokha, anzanga. Madziwa amatuluka ndikakhala moyo."

Nkhasi adayesa, ndipo msana udayeradi. Koma kubwerera pathanthwe lomwelo tsiku ndi tsiku kudamutopetsa. Mazira ankamukankha m'mimba, mtima uli kumchenga. Adaganiza kuti akatenga madzi onse nthawi imodzi, sadzafunikanso kubwerera.

M'mawa mwake sadapereke ndi moni womwe. Adaluma Chinkhupule, kumuzula, kumufinyira pamwala, n'kudzipaka msana wonse mpaka kukhosi. Basi ulendo.

Masiku oyamba adathamanga ngati kale. Koma nyanja imatsuka, ana inu. Kuwawa kudasuluka, kankhono kamodzi kadalawa n'kumata, anzake n'kutsatira. Nkhasi adatembenuka msangamsanga kubwerera kuthanthwe kuja, ndipo pamene padali Chinkhupule adapezapo tinkhono tili thithithi. Adazungulira thanthwelo, adazunguliranso, akuitana.

Adafika kumchenga mochedwa, ali wefuwefu, katundu ali kumsana. Kumtunda kouma kumene anzake adaikira kunkaoneka pafupi, koma miyendo idakana. Adakumba pomwe adagwerapo, m'mphepete mwenimweni mwa madzi, n'kuikira. Asadamalize n'kukwirira komwe, funde lidabwera n'kutenga mazira onse iye akuona.

Ndiye mumve, ana inu: amene amakuthandiza pang'onopang'ono usamuthere tsiku limodzi, chifukwa mawa udzamufunanso.