Lichero pa Khoma la Sukulu

Kalekale, masukulu akumudzi akadali ofolera ndi udzu, kunali mtsikana waluso lojambula dzina lake Tinenenji. Aphunzitsi aakulu anamupempha kuti ajambule zakuthambo pa khoma la sukulu, ana aziphunzirirapo. Iye anajambula dziko lobulungira lozunguliridwa ndi mkombero, pambali pake n'kuikapo mwezi woyera mbee, wokutidwa ndi madzi oundana.

Patapita masiku awiri kunagwa matalala aakulu ngati mazira a nkhanga, chimanga chonse n'kugona. Mayi wina atayang'ana khomalo anakuwa: "Abale, si lichero la afiti ili? Onani mutu uli m'katimo, ukuuluka! Nanga choyerachi si matalala aja?"

Masana omwewo anthu anakhamukira ku sukuluko ndi miyala. Tinenenji anadzitsekera m'kalasi, akumva anthu panja akufunsana machesi.

Mlongo wake Kafere, amene ankaphunzitsa pomwepo, anaima pakhomo atatsegula buku. "Makolo anga, dzikoli lilikodi kumwambaku. Taonani apa!"

"Mwamva? Akuvomera kuti chimauluka!" anatero bambo wina, machesi ali m'manja. Mwala unamung'amba Kafere pachipumi, koma sanasunthe, ndipo palibe amene analowa.

Kenako anafika azakhali a Tinenenji, a Nankhoma, ogulitsa zitumbuwa. Anayang'ana khomalo n'kuyamba kuseka. "Inu, lichero lake liti? Chimenecho ndi chitumbuwa chili m'chiwaya! Ndinamutuma ndine kuti andiitanire malonda, chitsiruchi n'kujambula pa khoma la eni. Choyeracho ndi ufa. Mukufuna kuotcha munthu chifukwa cha chitumbuwa?" Ena anaseka, ambiri n'kutaya miyala. Koma amene minda yawo inatheratu sanachoke.

Mlamu wa Tinenenji, Mangani, mmisiri womanga nyumba, anadutsa pakati pawo ndi ndowa ya laimu. Anapaka khoma lonse, ntchito ya milungu itatu n'kufafanizika. "Latera lichero lanu," anatero. "Pitani mukadzutse chimanga." Bambo uja anabweza machesi m'thumba, otsalawo n'kubalalika.

Tinenenji anatuluka wamoyo, koma atatuwo sankatha kuwayang'ana m'maso. Mlongo wake ananena zoona, zoonazo n'kukolezera moto. Azakhali ake anazimitsa mkwiyo ndi bodza, koma anamusandutsa chitsiru cha m'mudzi. Mlamu wake anathetsa zonse, koma popaka laimu anakhala ngati wavomereza kuti pakhomapo panalidi ufiti.

Mawa lake mayi ake anapha nkhuku yothokozera, atatu onsewo n'kukhala pamphasa. Paja nthutumba ya nkhuku imakhala imodzi, ndipo saigawa: amadya ndi amene walemekezedwa koposa. Mayiwo anamupatsa Tinenenji mbale ya nthutumbayo nati, "Moyo ndi wako, mwanangu. Kapereke wekha."

Tsono inu mukanakhala Tinenenji, nthutumbayo mukanaika patsogolo pa yani?