Njinga Yamoto ya Enelesi

Kalekale, osati kale la azigogo, koma lija mawailesi a m'maboma atangoyamba kumveka, padali mtsikana dzina lake Enelesi, mtolankhani pa kawailesi kakang'ono. Tsiku lina kunabwera mpikisano: mtolankhani amene afotokoze bwino za umphawi ndi malungo alandira njinga yamoto. Enelesi atanena kuti alowa nawo, abwana ake anangoseka.

"Malungo ndi nkhani, Enelesi? Ndani sanadwalepo? Katole za mpira."

Iye anapempha tchuthi, n'kunyamula kamakina kojambulira mawu, ulendo wa kumudzi kwa amayi ake, kutsidya kwa dambo, dzinja lili pakati.

Amene anamunyamula ndi mlamu wake Binuwelo, wakabaza, mkamwini amene pamudzipo ankamunena kuti anabwera ndi njinga ndi kabudula basi. Masabata awiri anamupalasira midzi khumi ndi umodzi, osanyamula wina aliyense, kunyumba kwake akudya therere. Akafika padambo, madzi olekeza m'chiuno, ankayamba wawolotsa njinga pamutu, kenako n'kubwerera kudzamugwira dzanja.

"Alamu, kwezani makinawo m'mwamba! Inuyo mukanyowa muuma."

Koma m'midzi monsemo anthu ankayankha chimodzimodzi: "Neti tili nayo, timagonamo." Ankaopa kuti akanena zoona sadzalandiranso. Enelesi anabwerera makina atadzaza mabodza okhaokha, nakhala pakhonde manja ali m'khosi.

Pamenepo mayi ake aang'ono, a Nangozo, anamukodola. Awatu ndi amene anamuyamwitsa Enelesi chaka chomwe amayi ake anagona m'chipatala, musaiwale. Anamutengera kudimba. Neti yawo ya udzudzu inali itakutidwa pa mbande za tomato.

"Jambula, mwanawe. Neti anatipatsa imodzi. Ndikafunditsa ana, nkhuku ndi ziwala zitha mbande, ndiye tidya chiyani? Ndinasankha mimba. Mwezi wathawu mwana wanga Tamanda anakomoka ndi malungo, maso kutembenuka. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Nena choncho, dziko limve."

"Amayi, akusekanitu."

"Aseke. Onse akusekawo, pita ukaone m'madimba mwawo."

Panalinso a Dzimbiri, mlangizi wa zaumoyo, munthu wobwera, wopanda mbale pamudzipo. Enelesi atawafunsa chifukwa chimene Tamanda sanalandirire mankhwala pafupi, anatsegula bokosi lawo la mankhwala. Munali thonje lokha.

"Miyezi itatu lili chonchi. Ndalemba makalata, sayankha."

"Ndibise dzina lanu, bambo?"

"Mukabisa anena kuti mwapeka. Litchuleni. Ndikudziwa chimene chindichitikire."

Nkhani inawulutsidwa Lamulungu masana. Sabata isanathe galimoto inafika ndi mankhwala, pambuyo pake maneti, atatu pa nyumba. Dzinja limenelo pamudzipo sanakumbe manda a mwana. Koma a Nangozo akafika pamjigo amayi ankatsinana, ena n'kufunsa mokweza, "Tomato wagona bwanji, wosalumidwa ndi udzudzu uja?" A Dzimbiri anawasamutsira kumapiri, kumene amayendera midzi isanu ndi inayi wapansi. Binuwelo njinga yake inathyoka foloko pa maulendo aja, anayamba ganyu wowumba njerwa.

Enelesi anapambana. Pomupatsa makiyi, pamaso pa anthu, wailesi ikumveka dziko lonse, anati: "Njingayi si yanga. Ndikapereka kwa amene anabala nkhaniyi." Mawu akatuluka sabwereranso m'kamwa. Njinga nayo si mbuzi yoti mugawane miyendo.

Anayamba kwa a Nangozo.

"Ine ndikwere chimenechi ndi chitenje? Kapatse a Dzimbiri. Anataya malo chifukwa cha mwana wanga."

Anakwera phiri, nawapeza a Dzimbiri nsapato zitang'ambika.

"Ine ndinangotsegula bokosi, ndi ntchito yanga. Mayi aja anavula ulemu wawo pagulu. Olo sakwera, aipereke kwa munthu izikawadyetsera ana, neti ichoke kudimba mpaka kalekale."

Binuwelo yekha sanazungulire.

"Alamu, ine sindinama ngati anthu a m'midzi ija. Ndikuifuna. Tamanda atakomoka ndinamuthamangitsira kuchipatala pa njinga yakapalasa, maola atatu. Ndi iyi, mwana wotsatira akafika madzi asanawire pamoto."

Madzulo Enelesi amayi ake anamukhazika pansi.

"Mwanangu, bere unayamwa ndi la Nangozo. Thukuta linali la mwamuna wa mkulu wako, ndipo tamunyoza mokwanira pano. Koma mlendo uja tikamusiya, mawa ndani adzatitsegulirenso bokosi? Ine pamenepa sindikuthandiza."

Enelesi anakhala akuyang'ana makiyi m'dzanja. Popanda Binuwelo sakanawoloka dambo. Popanda a Nangozo akanabwerako ndi mabodza. Popanda a Dzimbiri dziko likanangomuseka mayiyo, mankhwala osabwera. Njinga ili pansi pa mtengo wa mango, pepala la pachishalo asanalichotse, ndipo mudzi wonse ukudikira.

Tsono inu mwamva zonse, wa thukuta, wa manyazi, ndi wa ntchito. Mukanakhala Enelesi, makiyiwo mukanawaika m'dzanja la ndani?