Mapazi a Pathanthwe

Kumudzi wina wa kumapiri kunali bambo woswa miyala. Mkazi wake anadwala sitiroko, mwendo wamanzere n'kuyamba kukhwekhwereza. Lamlungu bamboyo ankatsogola kutchalitchi monga timachitira amunafe, Baibulo m'khwapa, osacheuka. Mayi ankafika ulaliki utatha. Mapeto ake anangoti, "Pitani nokha, ine ndizipemphera pakhomo."

Chaka china madzi osefukira anakokolola mchenga kumtsinje n'kuvundukula thanthwe. Bamboyo atapita kukaswa, anapeza maenje ondondozana pamwalapo, lililonse ngati lichero. Liwiro, hamala n'kuitaya! Mukusekanu, mukanaima?

Anabwerera ndi mphunzitsi wa kusekondale.

"Awa ndi mapazi a dayinoso," anatero mphunzitsi, "chinyama cha khosi lalitali, choposa njovu, chimene chinatha kalekale anthu kulibe. Chinaponda pano pali matope, matopewo n'kusanduka mwala. Makolo ake ankayendera miyendo iwiri. Ichi chinalemera, chinayamba kuyendera inayi. Onani, akumbuyo ndi aakulu, akutsogolo aang'ono."

"Nanga awa a pambaliwa?"

"Chinzake. Phazi limodzi silikuzama, chinkatsimphina. Koma taonani choyamba chija. Kumtunda uko chinkatambasula miyendo. Pano mapazi ayandikana."

"Chinatopa?"

"Mwala sunena, bambo. Ukungoonetsa kuti zinayendera limodzi mpaka pothera thanthwe."

Tsiku limenelo bamboyo sanaswe kanthu.

Lamlungu anavala jekete, natuluka, naima pabwalo. Ankadziwa kuti akayenda limodzi ndi mkazi wake, anzake a pabawo anena kuti wadyetsedwa mankhwala. Anabwerera pakhomo.

"Tiyeni, mayi."

"Ndikuchedwetsani, bambo."

"Iyayi, nsapato zikundithina lero, sindingathamange."

Bodza, abale anga! Nsapatozo zinali zokhwepa, mbewa ikanagonamo pamodzi ndi phazi. Mayi anaziyang'ana, namwetulira, natenga mpango wawo.

A pabawo anaseka ndithu. Awiriwo anakalowa anthu ali pa nyimbo yotsekera, ndipo mayi anaimba nawo ndime yomaliza, dzanja lili paphewa la mwamuna wawo.

Abale, tsiku la lero ndi dothi lofewa, mawa lauma. Ana anu akadzaliyang'ana sadzaonapo kuti munafika nthawi yanji kutchalitchi. Adzaona amene munayenda naye. Mulungu wathu ndi wa miyendo yaitali, akanafuna akanatisiya kalekale. Koma anatsika, nafupikitsa mayendedwe ake, kuti otsimphinafe tikafike naye limodzi.