Dzina la Apongozi pa Golosale

Nachisale atatsegula kagolosale m'nyumba ya apongozi ake aamuna, iwo anabwera ndi lamulo.

"Nyumbayi ndi yanga. Pakhomapa mulembepo dzina langa lenileni, Yotamu. Apo ayi, mutulutse katundu wanu."

Nachisale anali atasankha kale dzina lakuti Tikuoneni, koma anagwada nati, "Ndamva, bambo." Dzina la apongozi linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.

Kenako anagawira ana a m'mudzimo maswiti. "Dzina la malonda limafunika kutchuka. Muzilitchula mokweza, mwamva?"

Lamulungu, a Yotamu akutuluka m'tchalitchi ndi akuluakulu anzawo, kamwana kena kanakuwa pamsewu, "Amayi, Yotamu watseka!"

Kanzake kanayankha, "Musiye, Yotamuyo alibe ndi sopo yemwe!"

Mkuluyo, amene ngakhale akazi awo sanawatchulepo dzina pagulu, anangoti chilili. Abusa anayamba kuyang'ana mitambo.

Madzulo ake a Yotamu anafika okha pagolosalepo atanyamula chitini cha penti.

"Mayi, dzina lanu lija munati chiyani?"

"Tikuoneni, bambo. Koma lanu lija anthu alikonda."

"Bweretsani makwerero."

Nachisale anawagwirira makwererowo mwaulemu kuti angagwe.